Goloboyi wa kutsidya kwa dambo

Nkhani yoti ndikukwatiwa ndinaimvera pabwalo la mpira, ndikugulitsa zitumbuwa. Mwamuna amene ankati akundikwatirayo anali asanandilankhulepo china chilichonse kupatula kufunsa ngati zitumbuwazo zinali zamoto.

Amene anabwera ndi uthengawo ndi amayi ena a mpingo wathu, amene pa Sabata ankayimba kwaya mofatsa koma pa mpira ankatukwana oyimbira mpaka mawu kusasa. Anandigwira paphewa, nkhope ili gwa ngati akupepesa maliro.

"Mwanawe, wachita bwino. Mudzi wonse tikukuthokoza."

"Ndatani, mayi?"

"Usabise, tamva kale. Goloboyi wa kutsidya uja ukumubweretsa kuno."

Ndinaseka mpaka kutsala pang'ono kutaya beseni. Iwo sanaseke. Anagula zitumbuwa zambiri kuposa masiku onse, nkupita kukauza anzawo kuti mwanayo sanakane, wangoseka.

Kwathu ndi cha ku Kaluluma, midzi iwiri yoyang'anizana, pakati pali dambo. Madzi timatunga m'dambo lomwelo, nazale za fodya timafesa m'mbali mwa dambo lomwelo, maliro timaikira limodzi, ndipo ambiri ndife apachibale mukatsata bwino. Koma mudzi uliwonse uli ndi timu yake. Athu amavala zobiriwira, a kutsidya zachikasu, ndipo tsiku limene matimu awiriwa akumana, ubale umayamba waima kaye. Matimu akuluakulu a m'tauni aja, ofiira ndi abuluu, anthu kwathu amawatsata pa wailesi ndithu, amanyozana nawo pagolosale. Koma kugonja kwa amenewo kumapola pofika Lachiwiri. Kugonja kwa a kutsidya kapena kwa athu kumatha chaka kukununkha, chifukwa wokunyozayo umakumana naye kuchitsime, kuchigayo ndi kutchalitchi.

Chimene chinachititsa kuti ukwati wanga ukhale nkhani ya mpira ndi lamulo la chigafa. Kale a kutsidya anabwera pamasewero ndi anyamata achilendo amene anawatenga ku boma, nkumati ndi adzukulu awo. Adzukuluwo sankadziwa ndi dzina lomwe la agogo awo. Kunabuka ndewu, wina anathyoka dzino, ndipo akuluakulu a mipingo atakhala pansi anagwirizana kuti munthu azisewerera mudzi umene wamangako chigafa chake, chisakasa choyanikamo fodya chija. Kumene fodya wako wapachikidwa, timu yako ndi imeneyo. Mnyamata wosakwatira amawerengedwa pa chigafa cha makolo ake.

Ndiye kwathu osewera sagulidwa ayi, amasamuka ndi fodya. Mphekesera zimayamba nthawi yofesa nazale, dzuwa likamatentha mvula isanagwe. Wina aoneka akudula mitengo ya chigafa tsidya lolakwika, basi nkhani yafika ku Chisemphere dzuwa lisanalowe. Wina athirira nazale ya mlamu wake masiku angapo otsatizana, anthu ayamba kale kumuyeza jezi. Ndipo njira yodalirika yosamutsira mnyamata ndi chigafa chake ndi ukwati. Akabwera pachikamwini, kudzakhala kwa mkazi, wabwera ndi miyendo yake yomwe. Akamutenga mkaziyo pachitengwa, kupita naye kwawo, timu ya kwa mkazi yangotaya wophika basi.

Ine ndinabadwa wofunsafunsa. Amayi ankati ndinayamba kufunsa ndisanamere mano, ine nkumawayankha kuti safunsa anadya phula. Choncho mphekeserayo sindinaikwiyire poyamba, ndinangofuna kudziwa kuti yachokera kuti. Ndinaitsata ngati mmene umatsatira nkhuku yoikira kutchire. Amayi a kwaya aja anati anamva kwa wometa tsitsi. Wometa anati anamva kwa mnyamata wa kabaza. Wa kabaza anati iye sanamve kwa munthu, anaona yekha: goloboyiyo ankadutsa mabeseni onse a zitumbuwa pabwalo nkudzagula kwa ine, chonsecho zanga zinali zazing'ono kuposa za ena.

"Umboni wake ndi womwewo?"

"Nanga achemwali, munthu angasiye chachikulu nkugula chaching'ono popanda chifukwa?"

Ndinamuuza kuti zanga zinali zazing'ono koma nthochi zake zinali zenizeni. Anati nazonso azikauza anthu.

Goloboyi uja anali munthu wamtali, wakachetechete, wa zikhatho zazikulu. Athu ankadana naye kwambiri, chifukwa chiyambireni iye kugwira, ife tinali tisanapambaneko. Ankaima kumbuyo kwa golo lake nkumamuyimbira kuti manja akewo anawakonzera kwa sing'anga, ena nkumati adzafa wosakwatira chifukwa palibe mkazi angalole kugwidwa ngati mpira. Iye sankatembenuka nkomwe. Pomwe mphekesera ija inayamba, nyimbo zinasintha tsiku lomwelo. Anthu omwewo anayamba kumuitana kuti alamu. Mpira ukapita kunja ankathamangira kukamutolera, nkumupatsa ndi manja awiri. A kutsidya nawo anayamba kundiyang'ana ngati ndawabera mbuzi. Mtsikana wina wa kumeneko anandiuza kuchigayo kuti ufa wa kwathu sungakhutitse mwamuna wotalika choncho.

Patapita milungu ingapo goloboyi uja anabwera yekha. Anandipeza kudambo ndikuthirira nazale ya amayi. Anaima patali, chipewa chili m'manja.

"Ndabwera kudzapepesa. Anthu akukuipitsirani dzina chifukwa cha ine. Ine sindinauze munthu chilichonse."

"Ndiye zitumbuwa zanga mumaguliranji?"

Anayang'ana pansi. Kenaka anati zimakoma. Ndinamuuza kuti akunama, chifukwa tsiku lina zinapserera ndipo anagulabe. Anaseka, nkutenga khenki ina imene inali pamenepo, nkuyamba kuthirira mbali inayo ya nazale. Sitinalankhulenso zambiri, koma anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Mpaka lero sindidziwa ngati akanalimba mtima kundilankhula anthu akanapanda kutikwatitsa kaye ndi pakamwa.

Ndinamukonda, ndinene mosabisa. Ndinamukonda chifukwa ankamvetsera ukamalankhula, ndipo mafunso anga sankamutopetsa. Ndinkamufunsa kuti amadziwa bwanji kumene penate ipite, iye nkumati amayang'ana phazi loponda pansi, osati lomenya. Ndinkamufunsa ngati nyimbo za athu zinkamupweteka, anati imodzi yokha, ya kufa wosakwatira ija. Pofika nthawi yothyola fodya anali atauza amalume ake, ine nditauza anga, ndipo awiriwo, amene anayenera kukhala ankhoswe athu, anapangana zokumana.

Apa mpamene zinthu zinaima. Amalume anga ndi aja amene ankasunga mpira wa timu yathu pansi pa bedi lawo. Amalume akewo ndi aja amene ankanyamula ng'oma ya a kutsidya. Atakumana koyamba anapatsana moni waulemu, anafunsana za mvula ndi za feteleza, nkhani ya ana awiri ofunana inayenda bwinobwino, mpaka pamene anafika pa funso loti banjalo likakhala kuti.

Amalume anga anati mwambo wathu ndi chikamwini kuyambira makolo, ndipo mlongo wawo, amayi anga, ndi wamasiye, akufunika mwamuna pakhomo. Zinali zoona. Amalume akewo anati kwawo anasiya kalekale kutumiza ana aamuna kukakhala akapolo kwa eni, ndipo bambo a mnyamatayo akalamba, munda ukufuna manja. Nazonso zinali zoona. Palibe amene anatchula mpira. Anabalalika osagwirizana, nkupangana tsiku lina, ndipo tsiku linalo anabwereza mawu omwewo koma mokweza.

Fodya anauma m'zigafa, tinasankha, tinadinda mabelo, magalimoto anapita nawo ku okushoni, ankhoswe akadali pomwepo. Atsikana amene anafunsiridwa pambuyo panga anachita zinkhoswe zawo, ine ndikuwaphikira. Pagolosale nkhani yanga ankaikamba ngati zotsatira za ligi. Lero umva kuti zatheka, akudula kale mitengo. Mawa umva kuti zakanika, a kutsidya amupezera mtsikana wa kwawo komweko, mwana wa aphunzitsi. Ya mwana wa aphunzitsiyo inandisowetsa tulo, ngakhale ndinkadziwa bwino mmene mphekesera za kwathu zimabadwira. Ndinayamba kuona kuti ukwatiwu ukhoza kufa ndithu, ife eni ake tikufunana.

Ndinapita kwa amalume.

"Amalume, kodi mukukambirana za ine kapena za golo?"

"Mwana iwe, ulibe ulemu. Ife tikuteteza mwambo."

"Nanga achemwali anga aja munawalola bwanji kupita pachitengwa?"

"Amene uja ndi wina. Mwamuna wake sadziwa ndi kuponda mpira komwe."

Anazindikira mochedwa zimene ananena. Anatsokomola, nkuyamba kukalipira nkhuku zimene zinkalowa m'nkhokwe.

Koma amene anandilasa mtima ndi achimwene anga, kaputeni wa timu yathu. Tsiku lina tikudya anandiuza mokondwa kuti ndisade nkhawa, iwo akonza zonse. Anali atapita okha kukakumana ndi mnyamatayo, nkumulonjeza munda wathu wa m'mbali mwa dambo, uja wa dothi lakuda umene bambo ankaunyadira, kuti akangobwera pachikamwini ukhale wake wolima.

"Munalonjeza liti?"

"Kalekale. Mphekesera itangoyamba."

"Asanabwere kudambo kuja kudzandipepesa?"

Achimwene anaganiza pang'ono, nkunena kuti mwina, sakukumbuka bwino, nanga zili ndi ntchito yanji. Kwa iwo zinalibe ntchito. Ndinayamba kubwereza m'mutu zonse, chipewa m'manja chija, khenki ija, nkumadzifunsa ngati munthu ankathirira nazale ya amayi kapena ankayendera munda wake wa mawa. Kwawo malo anali ochepa, ana aamuna ambiri. Munda wathuwo ngakhale ine ndikanakhala mwamuna ndikanaulakalaka.

Amayi anandiletsa kukamufunsa mnyamatayo. Anati pali mafunso ena amene mkazi amangowameza, chifukwa yankho lake silithandiza. Ine kumeza funso sindinaphunzire. Tinakumana panjira ya kuchigayo masana, iye akukankha njinga, ndipo ndinamufunsa ndisanamupatse ndi moni womwe.

"Ndiuzeni zoona. Mukufuna ine, kapena munda umene achimwene anakulonjezani? Kapena nonse mwangogwirizana kuti ine ndikhale mlatho wowolokera goloboyi?"

Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya. Anandiyang'ana, nkuyang'ana zikhatho zake pa chiwongolero cha njinga.

"Achimwene anu anabweradi. Ndinawauza kuti sindigulidwa ndi munda."

"Ndidziwa bwanji?"

"Simungadziwe," anatero. Anakwera njinga nkupita.

Sabata yotsatira ankhoswe anakumananso pansi pa mtengo wa mango kwa amalume, ndipo iye anabwera osaitanidwa, chinthu chimene mnyamata sachita. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndi amayi, tikunamizira kupeta. Anakhala pansi chapatali, anawomba m'manja, nkupempha kuti alankhule mawu amodzi.

"Makolo anga, ndavutitsa mokwanira. Kuyambira lero mpira ndasiya. Sindigwiriranso a kutsidya, sindigwiriranso a kuno. Ndiye kambiranani za banja lokha."

Amalume ake anayamba kumunyengerera, amvekere mwana iwe usapupulume, nkhani zimakambidwa. Amalume anga anati alamu, mwakwatira kwa mphenzi musaope kung'anima, mikangano yotereyi ndi ya masiku onse. Iye anangobwereza kuti wasiya, nkutsanzika.

Zimene zinachitika kenaka ndimazikumbukira ndikafuna kuseka, komanso ndikafuna kupsa mtima. Nkhani imene inakanika kuchokera pothyola fodya mpaka pogulitsa inatha tiyi asanazizire. Amalume ake anati kunena zoona ana aamuna kwawo alipo ambiri, mmodzi akachoka munda supita patchire. Amalume anga anati ngakhale chitengwa sichoipa, masiku ano ana amasankha okha. Anayamba kukankhirana ulemu, aliyense kufuna kuti mnzake apambane. Pomaliza anaitana ine, koyamba chiyambireni, nkundifunsa kumene ndikufuna kukakhala. Ndinati kwa amayi. Onse awiri anati chabwino, nkuyamba kukamba za mitengo ya fodya.

Pagolosale anthu sanakhulupirire. Anati ndi machenjera, akudikira kuti chigafa chiime kaye. Athu anabwera ambiri kudzathandiza kumanga chigafacho, anthu amene sanathandizepo mkamwini wina aliyense m'mudzimo. Anadula mitengo, anafolera, akuyimba. Chitatha, achimwene anabwera ndi jezi yobiriwira yochapa bwino, nkuiyika pampando. Bambo a kunyumbawo anathokoza chifukwa cha chigafa, nkuwabwezera jeziyo ndi manja awiri. Munda wa kudambo uja anaukananso. Anapempha wa kumtunda, wamchenga, umene aliyense ankauthawa, ndipo ndi umene timalima mpaka pano.

Kunyoza kunabwera kuchokera mbali zonse. A kutsidya ankati anadyetsedwa, mkazi anamuika m'botolo. Athu ankati tinagula wailesi yopanda mabatire. Matimu onse awiri anayamba kumwa zigoli ngati madzi, chifukwa amene analowa m'malo mwake kutsidya anali mnyamata wothamangira mpira uliwonse, ndipo wathu ankaopa kugwa pansi. Chigoli chikalowa kulikonse, anthu ankatembenukira kwa ine. Ndinapirira nyengo imodzi, kenaka ndinasiya kupita kubwalo.

Iye sanapiteko ngakhale kamodzi. Tsiku la mpira ankadya msanga, nkutenga khasu kupita kumunda wa kumtunda uja, ngakhale nthawi imene kumunda kulibe chochita. Ine ndinkati ndi munthu wolimbikira ntchito, ndipo ndinkanyadira. Zaka zinapita, ana anabadwa, anthu anapeza ena owanena.

Koma chibadwa sichisintha. Chaka china, tsiku limene athu ankakumana ndi a kutsidya, ndinadzifunsa kuti kodi munthu amalima chiyani mwezi wa Ogasiti m'munda wouma. Ndinabereka mwana nkumutsatira. Munda uja uli pokwera, ndipo mphepo ikamachokera kudambo phokoso la pabwalo limamveka bwinobwino, ng'oma, wezulo, mfuu, ngakhale bwalolo silioneka chifukwa cha mitengo ya bulugama. Ndinamupeza ataima pachulu, khasu lili pansi, mutu atapendeketsa. Sanandimve ndikufika. Kunamveka mfuu yaikulu, ndipo ndinaona mapewa ake akugwa.

"Watuluka msanga mwana uja," anatero yekha. "Akanadikira."

"Mwadziwa bwanji?"

Anadzidzimuka, nkutola khasu mwamanyazi. Kenaka anaona kuti kubisa kulibenso phindu. Anandifotokozera kuti anthu akayamba kukuwa pang'onopang'ono mfuu nkumakula, ndiye kuti wina akuthamanga yekha ndi mpira. Ikaduka pakati nkuphulika, goloboyi watuluka ndipo amudumphitsa. Ankadziwa ng'oma ya amalume ake, ankadziwa mluzu wa achimwene. Masewero onse a zaka zimenezo anawaonera ndi makutu ali pachulu chimenecho.

Chifundo chinandigwira. Ndinakhala pansi pamzere, mwana ndikumuyamwitsa, nkumuuza zimene ndinayenera kunena kalekale.

"Bwererani. Mukadali ndi mphamvu. Gwirirani athu, kapena a kwanu, ine ndilibe nazo kanthu. Ndikauza achimwene lero lomwe."

Anapukusa mutu.

"Chifukwa chiyani? Amalume anakalamba, palibe angakuletseni."

"Sindiopa amalume."

"Nanga mukuopa ndani?"

Kubwalo kunamvekanso wezulo, ndipo ndinaona kuti khutu lake lathawira komweko, ngakhale maso anali pa ine. Anadikira mpaka phokosolo litatsika.

"Munandifunsa kuti mudziwa bwanji," anatero. "Ine njira ina yokuyankhirani ndilibe. Ndikavala jezi ija ngakhale tsiku limodzi, mudzayambanso kudzifunsa."

Ndinafuna kunena kuti sindingadzifunse. Koma iye amandidziwa, ndipo inenso ndimadzidziwa. Ndinangosuntha pamzerepo kuti akhale pambali panga, ndipo tinamvera limodzi mpaka mpira unatha.